Njinga ya Manja ya Tryphena

Mphepo inayamba m'mamawa tsiku limenelo, mphepo youma ya mu Ogasiti, yonyamula fumbi ndi makoko a chimanga m'minda ya ku Magodi n'kukazikhuthula pabwalo la sukulu. Mbendera zimene ayufi a Chipani anamanga m'mbali mwa msewu zinkangoti pha pha pha. Amayi amene ankayeserera nyimbo zolandirira a Gavana ankaimba atafulatira mphepo, zitenje atazipana m'maondo.

Kuseri kwa bwalolo, pansi pa mtengo wa mango, ndi pamene Ezron Mtonga ankakonzera njinga za anthu. Anali atagwirapo ntchito zaka makumi awiri, ndipo a ku Magodi ankati mawu onse amene anayankhula pazaka zimenezo sangadzaze chipewa. Tsiku limenelo sanagwire sipanala. Anakhala pachitsa chake, manja ali pamaondo, akuyang'ana njinga imene ophunzira awiri a ku yunivesite anali atangotsitsa m'galimoto.

Inali ya matayala atatu, awiri kumbuyo, limodzi kutsogolo. Mapedulo ake anali pamwamba, moyang'anana ndi chifuwa cha wokwera, opalasa ndi manja. Mpando unali pakati pa matayala a kumbuyo, ndipo mbali iliyonse inali ndi chitsulo chochokera kumsana kwa mpando kukafika pakhosi pa tayala la kutsogolo, chofika m'chiuno mwa munthu woimirira. Yonse anaipaka penti wobiriwira. Kumbuyo anakhomako kachidutswa ka lata kolembedwa m'Chingerezi kuti imeneyi ndi mphatso ya Chipani ndi Boma lake.

Mwini wake anali pamphasa chapafupi. Tryphena, mwana yekhayo wa Ezron, anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Poliyo anamupha miyendo ali wamng'ono. Ankayenda ndi manja atagwira timatabwa tiwiri, m'maondo atamanga zidutswa za tayala zimene bambo ake anamudulira. Ankasoka bwino ndi makina a dzanja, koma msika unali kutsidya kwa dambo, ndipo chimwalirire mayi ake, Ennie NyaLungu, zaka ziwiri m'mbuyomo, anali asanafikeko. Ennie ndiye ankamukweza pangolo ndi kumutsitsa.

Ophunzirawo anali a zauinjiniya, a chaka chomaliza. Wilbroad, wamtali, wokulira ku migodi, ndi Consolata wa ku Chipata. Anabwera koyamba mu Epulo ndi tepi ndi kope. Consolata anayeza Tryphena mikono, msana ndi chiuno, Wilbroad akulemba. Anayeza ngakhale kukula kwa njira ya kumsika. Lero anabwera ndi chimene anapanga, ndipo a Gavana a boma ndiwo amene ankayenera kudzachipereka pamaso pa anthu.

"Monile, adada," anatero Consolata akupinda maondo.

"Yewo."

Wilbroad analibe nthawi ya malonje. "Mdala, penyani," anatero. Anaponya mwendo pamwamba pa chitsulo cha kumanzere, nakhala pampando, nazungulira mtengo kawiri tcheni chikulira bwinobwino. "Mwaona? Pamchenga iyenda, pamtunda ikwela. Miyezi inayi tili nayo. M'kalasi tinaikwela tonse, ngakhale aphunzitsi athu, ndipo ndi munthu wa mimba yake."

Ezron anayang'ana mwendo wa mnyamatayo ukudumphanso chitsulo potsika.

"Akwela bwanji?"

"Ndani, mdala?"

"Mwini wake."

Wilbroad anaseka. "Aa, imeneyo si nkhani. Imwe ndi manja ayo, mumunyamula, mumuika, basi. Sali wolemela."

Consolata anagwetsa maso pansi, ndipo Ezron anadziwa kuti mtsikanayu wamva. Mwana wamkazi akatha msinkhu, bambo ake samugwira thupi, salowa m'nyumba yake yogona, sakhala naye mphasa imodzi. Ezron ankamutungira madzi Tryphena, ankamuwazira nkhuni, anamukonzera kachimbudzi kopanda khwerero. Koma kumuyangata, ayi. Ngakhale tsiku la maliro a Ennie, pamene mwanayo anakomoka pakhomo, Ezron anaima chapatali n'kuitana amayi ena.

"Adada sanandigwilepo chivinidwile," anatero Tryphena, maso ali pamatabwa ake. "Ndipo sadzayamba lelo."

"Tinayeza zonse," anatero Consolata chapansipansi. "Kukwela kokha ndiye sitinafunse."

Tryphena anasendera kunjinga. Anaika matabwa pansi, nagwira chitsulo cha kumanzere ndi manja onse awiri, nadzikoka. Mikono yake inali yamphamvu kuposa ya amuna ambiri. Chifuwa chinafika pachitsulo, koma miyendo inatsala ikulendewera, ndipo tayala la kumanja linanyamuka pansi. Chitenje chinakola pachitsulo n'kuyamba kumasuka. Ezron anatembenuza nkhope nayang'ana kumtengo. Anamva tayala likugwera pansi, kenako kupuma kwa mwana wake.

"Sizitheka," anatero Tryphena.

Nthawi yomweyo anatulukira a Mizeck Zimba, tcheyamani wa Chipani m'deralo, atavala suti ya manja aafupi, wotchi ili kunja, ayufi awiri ali pambuyo pawo.

"Makomuledi, monile mose! A Gavana anyamuka kale ku boma. Ola limodzi, ali pano. NyaMtonga, uli pansi chifukwa chiyani? Kwela tione."

Consolata anafotokoza. A Zimba anamvetsera akuyang'ana wotchi.

"Basi? Ndiye mwakwinya nkhope ngati kwagwa malilo? Amayi a Chipani ali apo makumi atatu. Anayi amunyamula akuimba. Zioneka bwino kwambili."

"Nanga mawa, a Tcheyamani?" anafunsa Tryphena.

"Mawa chiyani?"

"Mawa amayiwo ali kumadimba kwawo. Ndikafuna kupita kumsika ndiziyenda m'makomo kupempha ondinyamula ngati thumba la feteleza? Ndikafika kumsika, anditsitse ndani? Ndikafuna kuthengo?"

"Iwe, mlomo. Anzako akulila njinga yoteleyi. Za mawa adziwa ndi Chiuta."

Ezron anaimirira. Anapita kunjingayo, naika chala pachitsulo cha kumanzere.

"Dulani ichi."

"Awe, mdala!" Wilbroad analowa pakati. "Ichi si chogwilila chabe. Ndicho chigwilizanitsa kumbuyo ndi kutsogolo. Mukachotsa, njinga ipindika pakati ngati lumo. Tinachita masamu ake."

Pamtengo panatsamira njinga zingapo zodikira kukonzedwa. Ezron anatengapo imodzi, yachikazi, ya mphunzitsi wina wa pasukulupo, naiimika pafupi ndi yatsopanoyo. Anayendetsa dzanja pamalo opanda kanthu pakati pa chishalo ndi mahandulo, kenako analoza zitsulo ziwiri zimene zinatsikira pansi pamodzi.

"Iyi ilibe cha pamwamba. Ithyoka?"

Consolata ananjuta. Anayang'ana njinga yachikaziyo nthawi yaitali, kenako anayamba kujambula pafumbi ndi chala, mphepo ikufufuta, iye akubwereza.

"Wilbroad, taona. Tikachitsitsa chomwechi, kuchokela pa ekiselo kukafika pansi pa khosi, n'kuikapo kachitsulo kena kopingasa apa. Chikhala m'munsi, pofika bondo lake. Akwela yekha. Gasi wowotchelela tili naye m'galimoto."

"Chojambula anasaina kale aphunzitsi. Mwezi wamawa abwela kudzaona. Akapeza china, chaka chonse chapita m'madzi, Consolata. Iwe uli ndi atate ako akalaliki. Ine ndikalephela, ndibwelela kuti?"

"Palibe wodula kanthu pano," anatero a Zimba. "Mwawelenga kumbuyoko? Ndi katundu wa Chipani. Wogwila sowo pa katundu wa Chipani ndi mdani wa Chipani. A Mtonga, inu ndinu munthu wamkulu. Mlendo akakupatsa mbuzi suyamba ndi kuiyang'ana m'kamwa."

Atatero anapita kukakonza mizere ya ana a sukulu, ayufi ali pambuyo. Wilbroad anapita kugalimoto kukatenga kamera.

Ezron anakhalanso pachitsa. Kudula ankatha, koma kuwotcherera analibe nacho chida. M'dera lonselo munalibe gasi kupatula amene anali m'galimoto ya ophunzirawo, ndipo galimotoyo inkanyamuka mwambo ukangotha. A Gavana akangoika dzanja panjingayo, palibe wa ku boma kapena wa kumudzi amene adzayerekeze kuikhudza ndi moto. Anaiona m'maganizo itaima m'khonde chaka ndi chaka, nkhuku zikuikira mazira pampando, Tryphena akudutsa pambali pake ndi matabwa ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Anayang'ana mwana wake. Tryphena anamuyang'ananso, osaphethira.

Ezron anatsegula bokosi la zida natulutsa sowo yodulira zitsulo. Anaiika pachitsulo cha kumanzere, pafupi ndi mpando.

"Osati apo, adada."

Anali Consolata. Anasuntha sowoyo pang'ono chakumbuyo, nakanda mzere papenti ndi msomali.

"Apa. Ndi kutsogoloku, apa. Tikufuna chituluke chathunthu."

Anagwira njingayo ndi manja awiri kuti isagwedezeke. Ezron anayamba. Kwee, kwee, kwee. Nyimbo ya amayi inkaphimba phokosolo, koma pamene anapumira kuti ayambe ina, kulira kwa sowo kunamveka mpaka kubwalo. Mbali ya kumbuyo inali itaduka kale. Ezron anasamukira kutsogolo osakweza mutu. Anamva nsapato zikuthamanga. Anakoka kanayi, kasanu, ndipo chitsulo chinagwa pansi kuti ngwe pamene ayufi ankamugwira mikono.

"Mwachita chiyani, mdala!" Wilbroad anatsala pang'ono kugwetsa kamera. Anagwira njingayo, ndipo inapindikadi pakati monga ananenera, tayala la kutsogolo likupendekera kumanzere. "Miyezi inayi! Mwatipha!"

A Zimba anafika akupuma mwaphuma. Anayang'ana chitsulo chili pafumbi, nayang'ana njinga yopendekekayo, nayang'ana wotchi. Nkhope yawo inachita mbuu.

"Ezron Mtonga, wapenga? Ukudziwa kumene apita anthu otele?"

Mmodzi wa ayufiwo, amene njinga yake Ezron anaikonzapo kangapo, anamupotoza dzanja mpaka sowo inagwa.

"A Tcheyamani," anatero Consolata, "kumanga munthu mungamange madzulo. Koma a Gavana akafika, mupeleka chiyani? Iyi?"

Anthu anali atayamba kusonkhana. Amayi anasiya kuimba. A Zimba anapukuta thukuta ndi chikhatho ngakhale kunali mphepo.

"Zitenga nthawi yotalika bwanji?"

"Theka la ola, Wilbroad akagwila moto. Ine ndimabowola chitsulo ndikafulumila. Iyeyu ndiye katswili," anatero Consolata.

Maso onse anapita kwa Wilbroad. Mnyamatayo anaima, nsagwada zikutafuna chabe. Anayang'ana Tryphena amene anali atakhala pansi pakati pa miyendo ya anthu, kenako chojambula cha Consolata chimene chinatsala theka pafumbi.

"Kopingasako sikakwanila kamodzi," anatero mokalipa. "Pafunika tiwili. Mdala, muli ndi felemu yakufa?"

"Musiyeni," anatero a Zimba kwa ayufi. "Koma asachoke pano."

Ezron anakoka felemu yadzimbiri pamulu wa zitsulo zakale, nadulapo tizidutswa tiwiri pamene Wilbroad analoza. Ayufi omwe aja ndiwo anatumidwa kukagubuduza mabotolo a gasi kuchokera kugalimoto. Consolata anapala penti pamalo owotcherera. Anagoneka njingayo chammbali, naiwongola, Ezron atapanikiza tayala la kutsogolo pakati pa maondo.

Wilbroad anavala magalasi akuda nakhwatcha machesi. Mphepo inazima. Anakhwatchanso, inazimanso. Kachitatu moto unagwira, koma lawi linkapepeluka uku ndi uku, osakhazikika pachitsulo.

"Sindingathe ndi mphepo iyi!"

Mayi wina wamkulu, a Mainess, amene ankatsogolera nyimbo, anamasula chitenje chapamwamba, cha Chipani, nachitambasula ndi manja awiri kumbali yochokera mphepo.

"Mwangoima ngati mitengo ya tchalitchi," anauza anzawo. "Bwelani kuno. Ife misana inatha kale ndi makasu, tizikanyamulanso mwana wa Ennie tsiku lililonse?"

Anabwera asanu, naima mondondozana, zitenje zili tambalale. Lawi linawongoka, n'kukhala labuluu. Fungo la penti wopsa linadzaza pansi pa mtengo.

Mfundo yoyamba yowotcherera inatha, yachiwiri inatha. Wilbroad ankagwira ntchito thukuta likudontha pachibwano. Ali pa kachitsulo koyamba kopingasa, mwana wina wa sukulu anakuwa ali pachulu.

"Fumbi! Fumbi kutsidya!"

Kutsidya kwa dambo kunaoneka fumbi lofiira likukwera, lalitali, la magalimoto angapo.

"Fulumilani!" A Zimba ankapondaponda. "Zatsala zingati?"

"Ziwili."

"Siyani imodzi!"

"Ndikasiya imodzi ithyoka ali pamwamba, pamaso pa a Gavana anuwo," anatero Wilbroad osacheuka.

Chitsulo chinali chitatentha mpaka pamene Ezron anagwira. Anamva chikhatho chikupsa, koma akanasuntha mfundo ikanapotoka. Sanasunthe.

Moto utazimitsidwa, mmodzi wa ayufi anathamanga ndi ndowa ya madzi.

"Osathila!" anakuwa Wilbroad. "Ing'aluka! Izizile yokha!"

Anadikira. Mfundo zinali zakuda, zotupa, penti atapserera mbali zonse, ndipo kumanzere konse kunkaoneka ngati kwalumidwa ndi moto wa tchire. Kulira kwa magalimoto kunayamba kumveka, akutsika kumlatho wa padambo. A Mainess ankakupiza chitsulocho ndi chitenje. Wilbroad analavulira pamfundo, malovu anati tswee. Anadikiranso. Analavuliranso, ndipo ulendo uno malovu anakhala.

Anaimika njingayo. Wilbroad anaponda pachitsulo chatsopanocho ndi mapazi onse awiri, nadumphapo katatu. Njinga inalira pang'ono, koma sinapindike.

"Amama," anatero kwa Tryphena, ndipo kanali koyamba kumutchula choncho, "yesani."

A Mainess anayala chitenje chawo pachitsulo chofundacho. Amayi awiri anawerama kuti agwire Tryphena m'khwapa.

"Ndisiyeni," anatero Tryphena.

Anasiya matabwa ake pamphasa. Anagwira mpando ndi dzanja lamanja, lamanzere pakhosi pa njinga, nadzikweza mpaka kukhala pachitsulo cha m'munsicho. Anapuma. Anafikira chitsulo cha kumanja chimene chinatsala, nadzikokanso, natembenuka, nakhala pampando. Kenako ananyamula miyendo yake ndi manja, umodzi umodzi, naiika pathabwa lopondera, nakonza chitenje chake. Palibe chinaoneka chosayenera kuoneka. Ezron sanatembenuze nkhope.

"Tsikanso," anatero.

"A Mtonga, a Gavana ali pamsewu apo!" anakuwa a Zimba.

"Tsikanso."

Tryphena anatsika momwe anakwerera, mpaka kufika pansi. Anakweranso, ulendo uno mofulumirapo. Mayi wina analuluta, ena anamutsatira. Anagwira mapedulo, napalasa kamodzi, njinga inasuntha n'kulunjika kumtengo, ndipo Consolata anathamanga kukamuonetsa kukhota ndi kugwira buleki.

Hutala inalira pachipata cha sukulu. Amayi anathamangira kubwalo akumanga zitenje, nyimbo ataiyambira panjira. Wilbroad anavula magalasi, natola kamera yake pafumbi, naipukuta ndi malaya.

"Aphunzitsi akafunsa, ndidzati chiyani, mdala?"

"Abwele. Adzamuone akukwela."

Tryphena anali atafika kale m'mphepete mwa bwalo, Consolata akuyenda kumanzere kwake ngati wofuna kubisa mbali yopsayo. A Zimba sanapite nawo msanga. Anaima pamaso pa Ezron natambasula dzanja.

"Khadi la Chipani."

Ezron anadziwa tanthauzo lake. Wopanda khadi sankalowa mumsika, ndipo dzina lake silinkalembedwa kudepoti nthawi ya feteleza. Mvula inali itatsala miyezi itatu.

"Ndipo Lolemba m'mawa mukaonekele ku ofesi ya Chipani ku boma. Mukafotokoze nokha. Mwina kumeneko mukapeza mawu."

Ezron ankayang'ana kubwalo. Potsika paja anaona chitenje cha Tryphena chikukola pang'ono pachitsa cha chitsulo chimene anadula pafupi ndi mpando. M'mphepete mwake munatsala mano a sowo, akuthwa.

Anapisa m'thumba la malaya ndi dzanja losapsalo, natulutsa khadi, nalipereka. Kenako anatenga tupa m'bokosi la zida natsatira njingayo kubwalo.